Kalata ya loya yafika, nanga kontilakiti ya kampani yosamalira maflati athu anasaina ndani?

Amake Taonga (Flat 2): Mwauka bwanji nonse. Ndifunse, kalata iyi ya loya wa kampani yosamalira malo yafika kwa ine ndekha kapena nonse mwalandira? Akuti ndili ndi nkhongole ya K5,100 ya service charge, ndilipire pasanathe masiku 14 apo ayi tikaonana ku khoti. Koma anthu inu bwerani muone kuseli kwanga kuno, septiki yasefukira kuyambira mvula ya January, madzi akuda afika pa sitepe ya ku khichini mpaka ndayala njerwa kuti ana azipondapo popita ku sukulu, windo la kuchipinda sinditsegulanso. Ndilipire chani?

aZulu (Flat 7): Kuno nako yafika amai. Ine ndakamba kale, ngwee olo imodzi sindipereka. Ayende ku khoti tikakumane komweko, ndizanyamula mafoto onse

Amai Mwale (Flat 10): Ine ndimalipira mwezi uliwonse ana anga, marisiti ndili nawo mu chikwama, koma madzi kumwamba kuno safika. Pampu inafa kale. Mdzukulu wanga ndiye amakweza zigubu za 20 litres masitepe onse aja mmawa asanapite ku sukulu, nsapato zake zimachita kunyowa. Ndiye wolipira ndi wosalipira tonse tavutika chimodzimodzi

aBanda (Flat 5): Pepani amai Mwale. Anzanga tisathamangire kukwiya tisanaone pepala. Ndinapempha kope ya kontilakiti ija ku ofesi yawo, anazengereza koma dzulo anandipatsa. Ndiwerenge zimene zandidabwitsa. Kontilakiti ndi ya zaka 10. Ikatha imadzikonzanso yokha zaka zina 10 ngati sitinalembe kalata yokana miyezi 6 isanathe. Service charge ali ndi ufulu wokweza 15% chaka chilichonse osafunsa munthu. Tikafuna kuwachotsa nthawi isanakwane tilipire ndalama zonse za zaka zotsala. Ndipo mkangano uliwonse akuti upite ku arbitration ku Lusaka, kutanthauza kwa munthu wapadera woweruza pakati pa okangana, osati ku khoti. Pansi pake anasaina anthu awiri chabe, amene anamanga maflati ano ndi dairekita wa kampaniyo. Siginecha ya mmodzi wa ife palibe.

aZulu (Flat 7): Mwaona! Ndiye tigwidwa bwanji ndi pepala limene sitinasaine? Ndipo dairekita ameneyo ndi mlamu wake wa omanga aja, tauni yonse idziwa

aSakala (Flat 1): aZulu tiyeni tikambe zoona mbali zonse. Kampani ija chaka choyamba inkagwira nchito bwino, udzu unkatchetchedwa, zinyalala zinkachoka Lachiwiri lililonse. Zinthu zinasokonekera mu 2024 ndi load shedding ija madzi atachepa ku Kariba, malaiti kumapita tsiku lonse kubwera usiku, pampu inapsa nthawi imeneyo ndipo mitengo ya zinthu inakwera. Manje ngati theka la ife sitilipira, pampu yatsopano agula ndi chani? Mlonda alipidwa ndi chani?

Amake Taonga (Flat 2): aSakala ine ndinasiya kulipira septiki itasefukira kale, osati isanasefukire. Ndinawaimbira, ndinalemba meseji, yankho lake tibwera mawa tibwera mawa. Ndipo ndalama zimene tinkalipira zaka zonse zija kulibe olo yosungira pampu ikafa?

aNjobvu (Flat 11): Madzulo abwino akuluakulu, ndinali ku nchito ndangowerenga zonse manje. Ine si loya koma ndagwirako ukalaliki mu ofesi ya maloya zaka zambiri ndiye mapepala a nyumba ndawaonako. Tisanakambe za kontilakiti ndili ndi funso limodzi ndipo chonde aliyense ayankhe moona. Ndani pano ali ndi title deed ya flat yake, ya dzina lake, yochokera ku Ministry of Lands? Sindikamba contract of sale kapena offer letter iyayi, ndikamba certificate of title.

aBanda (Flat 5): Ine ndili ndi contract of sale ndi marisiti. Title anati ili mu process.

Amai Mwale (Flat 10): Nanenso anandiuza chimodzimodzi

Misozi (Flat 9): Moni nonse kuchokera ku Johannesburg kuno. Ine ndinatsiriza kulipira kale kale kudzera ku banki, nthawi zonse ndikafunsa amati ma surveyor sanatsirize ma diagram. Title ndilibe.

aZulu (Flat 7): Ndilibe. Koma zikugwirizana bwanji ndi nkhani ya septiki?

aNjobvu (Flat 11): Zikugwirizana kwambiri aZulu, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Ndifotokoze pang'onopang'ono mundipirire kutalika. Kuno ku Zambia malo onse ali m'manja mwa President, ife timapatsidwa lease, kawirikawiri ya zaka 99, ndi mmene Lands Act ya 1995 ikambira. Manje pulotu imene pali maflati athu ndi imodzi, title yake ndi imodzi. Kuti flat iliyonse ikhale ndi title yakeyake pali lamulo lina, Common Leasehold Schemes Act, Chapter 208, la mu 1994. Mwini malo amalembetsa scheme ku Lands and Deeds Registry, pulani imaonetsa kuti flat iyi yayambira apa yathera apa, ndipo zotsala zonse monga masitepe, denga, mpanda, pokimika magalimoto, thanki, borehole ndi septiki zimakhala common property ya tonse pamodzi. Scheme ikalembetsedwa eni maflati onse amakhala bungwe limodzi pamaso pa lamulo, body corporate. Bungwe limenelo ndi limene limasamalira zinthu za tonse, kutolera ndalama, kulemba kampani nchito, ndipo likhoza kusumira munthu kapena kusumiridwa. Ndiye funso ndi lakuti kontilakiti imene awerenga aBanda ija, omanga anasaina mmalo mwa ndani? Ngati scheme sinalembetsedwe ndiye kuti body corporate kulibe, ife pa pepala la ku Lands sitioneka, mwini pulotu yonse akadali iwo aja ndipo kampani ndi yolembedwa ndi iwo. Ngati inalembetsedwa ndiye tifunse kuti miting'i yoyamba ya eni maflati inachitika liti, chifukwa ine sindinaitanidwepo.

Misozi (Flat 9): Mayo ine. aNjobvu mukutanthauza kuti title ija akhoza kukatengera loni ku banki ife tili mkati?

aNjobvu (Flat 11): Ngati title ikadali imodzi mu dzina lawo, inde zimatheka asisi, ndipo ine chimene chikundisowetsa tulo ndi chimenecho kuposa K850 ya service charge ya pamwezi. Sindikunena kuti anachita. Ndikunena kuti tichite search ku Lands and Deeds, print out imaonetsa mwini wake ndi ndani, pali mortgage kapena ayi, pali caveat, chiletso chimene munthu amaika pa title, kapena ayi. Ndipo ife amene tinagula tikhoza kuikapo caveat pansi pa Lands and Deeds Registry Act kuti pasachitike chilichonse pa title ija ife osadziwa. Za mlamu zija nazo tisamangokamba za m'maluwa, search ya ku PACRA, ofesi yolembetsa makampani, imaonetsa ma dairekita ndi ma shareholder a kampani.

aSakala (Flat 1): Omanga aja ndimapemphera nawo tchalitchi chimodzi, sindikhulupirira kuti angachite zotere. Koma search sindikana, ichitike mitima ikhale pansi.

aZulu (Flat 7): Ndiye kuti ine ndakhoza posalipira. Kampani si yathu, kontilakiti si yathu

aNjobvu (Flat 11): Apo ndiye musamale akulu. Tsegulani contract of sale yanu muwerenge kumapeto. Mu yanga muli chiganizo chakuti wogula avomera kulipira service charge kwa kampani iliyonse imene wogulitsa asankhe, ndipo ndikhulupirira tonse tinapatsidwa pepala lofanana. Pamenepo ndiye pali siginecha yanu. Loya wawo akagwira chiganizo chimenecho. Inu mukati sanagwire nchito, majisitireti akufunsani kuti munawalembera liti kuwauza kuti aphwanya pangano, umboni uli kuti. Mafoni amene tinkaimba aja sakhala umboni wolimba. Ndipo kumbukirani akusumira mmodzimmodzi, sakusumira gulu, aliyense akaima yekha ndi nkhongole yake ndi ma costs pamwamba.

Amake Taonga (Flat 2): Ndayang'ana, chiganizocho chilimo nambala 14. Mtima wanga wagwa

aBanda (Flat 5): Musataye mtima amake Taonga. Ine zaka zanga zandionetsa zinthu izi. Mu 1996 boma la a Chiluba litagulitsa nyumba za kanso ndi za boma kwa okhalamo, anthu tinasangalala kwambiri ndipo kunali koyenera kusangalala, munthu amene sanalotepo kukhala ndi nyumba anakhala landilodi. Amene anagula nyumba zoima pazokha zinawayendera. Koma ndinkachezera mbale wanga amene anagula flat ku Lusaka, mkati mwake mokongola, matailosi, penti yatsopano, koma ukatuluka pa khomo masitepe mdima, babu palibe wogula, paipi ya chimbudzi ya pamwamba ikudontha pa khoma la wapansi ndipo awiriwo osalankhulana chifukwa aliyense akuti si yanga. Aliyense anagula zipinda zake koma denga ndi mapaipi zinakhala zopanda mwini. Ife kuno ku Chipata maflati ogulitsa imodziimodzi ndi achilendo, tazolowera pulotu yako mpanda wako ku Kalongwezi kapena ku Moth, ndiye tinagula ngati tikugula nyumba yoima payokha osafunsa kuti za tonse aziyendetsa ndani ndipo tingamuchotse bwanji akalephera. Kampani iyi yapeza mpata chifukwa ife eni ake sitinakhalepo pansi ngati bungwe.

Misozi (Flat 9): Zoona atate. Kuno ku South Africa amati sectional title, flat imene ndimachita lendi ili mu scheme yotere ndipo landilodi wanga ndi trustee, mmodzi wa oyendetsa bungwe la eni maflati, ndiye ndimamva zambiri. Malamulo awo atsopano anayamba kugwira nchito mu 2016, ndipo kontilakiti ya managing agent, kampani yosamalira malo, siloledwa kupitirira zaka 3, eni maflati akavota special resolution akhoza kuithetsa ndi notisi ya miyezi 2 popanda kulipira penalty. Amakakamizidwanso kukhala ndi reserve fund, ndalama yapadera yosungira zinthu zikuluzikulu ngati denga ndi mapampu. Ndipo kuli ofesi yotchedwa CSOS, Community Schemes Ombud Service, kumene munthu umakadandaula osafuna loya. Sanaike malamulo amenewa pachabe, anthu analira kaye ndi ma kontilakiti ngati yathuyi. Msuweni wanga ndi nesi ku Brisbane, akuti kwawo ku Queensland omanga amagulitsa management rights, ufulu wosamalira maflati, ndipo ma kontilakiti ena amafika zaka 25, eni maflati amakangana nazo m'makhoti mpaka lero. Ndiye chinyengo chake ndi chimodzi kulikonse, womanga amasaina kontilakiti yaitali akadali yekha mwini wa zonse, ogula akamabwera apeza chingwe chamangidwa kale.

aZulu (Flat 7): Malamulo a ku Joni satithandiza kuno asisi

Misozi (Flat 9): Ndikudziwa aZulu, sindikuti tikawatchule ku khoti. Ndikuti tikamalemba malamulo athu a bungwe titengereko nzeru, zaka 3 basi, notisi yaifupi, akaunti ya reserve, ndipo ma statement a ku banki tizionetsedwa.

Chikondi (lendi, Flat 4): Pepani kulowerera akuluakulu, ine ndine wa lendi chabe koma ndikambeko za mlonda. Usiku wa Lachisanu ndinabwera mochedwa ndinawapeza akuwotha moto wa makatoni pa geti, tochi ilibe mabatire, jekete long'ambika. Anandiuza kuti malipiro sanalandire miyezi itatu, amachoka ku Mchini wapansi ndipo kunyumba akudya za ngongole pa kantemba. Ndi bambo wachikulire, amatitsegulira geti 02 koloko osadandaula. Pamene tikukangana za mapepala iwo ndiye akugona ndi njala. Komanso ife a lendi service charge timalipira mkati mwa renti, koma pa miting'i sitiitanidwa.

Amai Mwale (Flat 10): Ine ndimawapatsako nsima madzulo. Zimandiwawa kwambiri mwana wanga

aSakala (Flat 1): Ndi zimene ndimakamba zija, tikasiya kulipira wovutika ndi mlonda

Amake Taonga (Flat 2): Koma aSakala amene mukulipira muli 6, K850 kuchulukitsa ka 6 ndi K5,100 mwezi uliwonse, pampu sanakonze, septiki sanapope, zinyalala tikuwotcha tokha kuseli, mlonda sanalipidwe. Nanga ndalama imeneyo ikupita kuti?

aNjobvu (Flat 11): Funso limenelo ndi limene lilowe mu kalata yathu. Za mlonda, bwana wake ndi kampani osati ife, ndipo Employment Code Act ya 2019 imamuteteza, akhoza kukadandaula ku Labour Office konkuno ku Chipata kwaulere. Afunsenso ku NAPSA, bungwe la penshoni, ngati ndalama zake zimapita, paja wanchito amadulidwa 5% bwana naye amaikapo 5%, makampani ena amadula koma osapereka. Chikondi ngati ungawaperekeze ungachite bwino, achikulire ambiri amaopa maofesi.

Manje maganizo anga pa kalata ya loya ndi awa. Tisaikhalire chete, masiku 14 akatha opanda yankho amatenga ngati tavomera kapena tanyoza. Tiyankhe kalata imodzi tonse tisaine, tilembe zimene kontilakiti ikuti azichita ndi zimene sanachite, chilichonse ndi deti lake ndi foto, tipemphe ma statement a ndalama zonse kuyambira pamene anayamba, tiwapatse nawonso masiku oti akonze. Ndalama za mwezi ndi mwezi amene munasiya kulipira musadye, tiziike pa akaunti imodzi ya osaina atatu. Ndinene poyera kuti akaunti imeneyo simachotsa nkhongole pamaso pa lamulo, koma imaonetsa kuti sitikuthawa kulipira, tikukana kulipira nchito imene sinagwiridwe, ndipo tsiku limene khoti kapena mgwirizano unene kuti lipirani zakuti ndalama ilipo kale. Chinanso chimene chandisangalatsa, iwo akutiopseza ndi khoti koma kontilakiti yawo yomwe ikuti arbitration. Arbitration Act ya 2000 imati ngati pangano lili ndi chiganizo chotere ndipo mbali imodzi yapempha, khoti limatumiza nkhani ku arbitration. Ndiye asankhe, ngati akuti kontilakiti ija imatimanga ndiye chiganizo cha arbitration chimawamanganso iwo, ngati akuti sitili mbali ya kontilakiti ndiye penalty ya zaka zotsala ija satiuza ife.

aBanda (Flat 5): Koma arbitration ku Lusaka ndi ndalama zambiri, arbitrator amalipidwa ndi okangana, kuwonjezera basi ndi malo ogona, ulendo wa pa Great East Road ndi tsiku lathunthu.

aNjobvu (Flat 11): Zoona atate, ndi chifukwa chake anaiika, kuti munthu wa flat imodzi aone kuti kulondola K5,000 kumudyera K30,000 angosiya. Tikakhala 12 pamodzi mtolo umapepuka. Ndipo tisanafike kumeneko tikhoza kukadandaula ku CCPC, a Competition and Consumer Protection Commission, lamulo lawo la 2010 limakamba za ma kontilakiti okondera mbali imodzi ndiponso za kulipiritsa munthu sevisi imene sinaperekedwe bwino, ndipo kudandaula kumeneko sikufuna loya. Za septiki tikauze a public health ku kanso abwere aone ndi maso awo alembe lipoti, lipoti limenelo ndi umboni wolemera kuposa mafoto athu. Koma loya weniweni tifunika ndithu, makamaka pa nkhani ya title ndi caveat, zimenezo si zoyesa tokha.

aZulu (Flat 7): Loya tisonkha bwanji? Chifukwa pali nkhani ina imene ndakhala nayo pa mtima. Ine flat yanga ndi ya chipinda chimodzi, ndimakhala ndekha, galimoto ndilibe. aSakala yawo ndi ya zipinda zitatu, anthu 7, magalimoto awiri pa parking. Tonse K850. Chilungamo chili pati?

aSakala (Flat 1): Mlonda amalonda geti imodzi aZulu, salonda zipinda

aZulu (Flat 7): Nanga madzi? Nanga septiki imadzaza ndani?

aNjobvu (Flat 11): Musakangane akuluakulu, nonse muli ndi mfundo, ndipo yankho lake lili mu pepala lomwe lija tikusowa. Mu scheme yolembetsedwa flat iliyonse imakhala ndi unit entitlement, gawo lake pa zinthu za tonse, ndipo zopereka zimatsata gawo limenelo, si kungogawa mofanana mmene yachitira kampani. Ndiye aZulu mwina mwakhala mukulipira mopitirira zaka zonsezi. Koma pa za loya ndipempha tisonkhe mofanana, chifukwa title aliyense akufuna imodzi.

Misozi (Flat 9): Ine ndivomera. Nditumiza yanga pa mobile money kwa amene musankhe, ndipo mchemwali wanga wa ku Kapata azandiimira pa miting'i, ndimulembera kalata. Chikondi wakamba zoona za a lendi, azibwera amve ndi kukamba olo asavote, ndi amene akukhala ndi fungo limenelo tsiku ndi tsiku.

aBanda (Flat 5): Chabwino. Tikumane Sabata 15 koloko tikachoka ku mapemphero, pansi pa mtengo wa mango pa parking. Aliyense abwere ndi contract of sale, marisiti onse ndi kalata ya loya. aNjobvu mulembe kalata yoyankha tizaiwerenge pamodzi. aSakala popeza mumaonana ndi omanga, apempheni mwaulemu nambala ya pulotu ndi kope ya title, akakana tizaipeza pa contract of sale.

aSakala (Flat 1): Ndiwafunsa. Koma ine kulipira ku kampani sindisiya mpaka loya atiuze, ndisaname

aZulu (Flat 7): Ine pa akaunti ya gulu ndiika, ku kampani iyayi. Ndipo osaina atatu aja pasakhale wa tchalitchi chimodzi ndi omanga

aBanda (Flat 5): aZulu mau amenewo tiwasiye, osaina tizasankha Sabata ndi mavoti.

Amake Taonga (Flat 2): Zonse ndamva ndipo ndizabwera. Koma septiki siingadikire loya, Taonga watsegula m'mimba kawiri mwezi uno. Ndafunsa a galimoto yopopa zimbudzi akuti akhoza kubwera Lachinayi mmawa tikalipira theka mawa. Amene mungathe tumizani K150 pa nambala yanga, risiti ndizaisunga ilowe mu kalata ya aNjobvu kuti tizaichotse pa zimene akuti tili nazo nkhongole. Ndipo aSakala galimoto yanu yoyera ija muzaisunthe Lachitatu usiku, ili pamwamba penipeni pa chivundikiro.

Amai Mwale (Flat 10): Yanga ndatumiza amake Taonga, onani ngati yafika. Nanga kiyi wa kanyumba ka pampu ali ndi ndani? Mwana wa mlongo wanga ndi pulambala, akuti abwere aione kaye mwina ndi yokonzeka